Woyankha wa ku Chimeza

Sendezani chitsa icho pamoto, ndipo amene ali ndi chizolowezi choitana anzake mokuwa asendere pafupi, chifukwa nkhani iyi ndi yake.

Kuchigwa kuno, ukadutsa milambe yomalizira, kumene ngakhale mbuzi zimayenda zikudandaula, kuli phompho lotchedwa Chimeza. Dziko lake ndi louma gwa. Nthaka inang'ambika kalekale n'kusiya zipilala za dothi lofiira zoima ngati anthu odikira maliro, ndipo pansi pake pali mchenga wokhawokha wa mtsinje umene palibe wamoyo anauonapo ukuyenda. Malowa atawazunguliza waya n'kuwatcha paki, m'mphepete mwa phompholo anamangamo malo oonera: kakonkire, benchi, ndi zitsulo zotchinga kuti munthu asagwere pansi. Anthu a m'tauni anayamba kubwera pa maminibasi kudzajambulitsa zithunzi atavala magalasi akuda.

Koma Chimeza chinali ndi khalidwe lake. Maphompho ena ukakuwa amakubwezera mawu. Ichi ayi. Ukuwe mpaka mitsempha ya m'khosi itupe, mawu ako amangotsika n'kukathera komweko, zii. Akale podutsa pamenepo ankavula zipewa n'kusiya macheza, ndipo khanda likalira ankalitseka pakamwa ndi bere. Ukawafunsa chifukwa ankangoti kumeneko sikoitanako munthu.

Alendo sankadziwa zimenezo. Ankafika pamalo oonera omalizira, pamene phompho lazama kwambiri, n'kukuwa mayina awo, kutchera khutu, kenako n'kubwerera atakwinya nkhope ngati awagulitsa chinthu chowola.

Woperekeza alendo pamalopo anali Dafuleni, mkamwini wa m'mudzi wapafupi ndi chipata cha paki, munthu wa pakamwa pothira shuga. Anakwatira Esinati, mkazi wosalankhulalankhula, n'kubereka naye mwana, Tiyese. Esinati anali ndi alongo ake: Bonongwe ndi Jailosi, ootcha makala, anthu amene mano awo ankaoneka pokhapokha akudya, ndi wamng'ono wawo Zuze, bambo wa ndevu zake koma wokonda masewera ngati mwana. Zuze ankatha kuyerekeza mawu a chilichonse. Abusa, woulutsa mpira pawailesi, mbuzi yobereka, zonse zinali m'khosi mwake.

Dafuleni ndiye anaganiza nzeruyo. Pansi penipeni pa malo oonera omalizira panali phanga lolowa m'khoma la phompho, losaoneka ukakhala pamwamba, ndipo kumeneko kunkatsikira kanjira ka anyani. M'mawa uliwonse Zuze ankatsika ndi botolo la madzi ndi chinangwa chootcha n'kukakhala pakhomo pa phangalo. Mlendo akakuwa, Zuze ankabweza. Ankabweza koyamba mwamphamvu, kachiwiri motsika, kachitatu ngati akuchokera kutsidya. Mawu a mwana, a mayi, ngakhale chizungu chimene sankachimva, onse ankawabweza ndi kalankhulidwe kake komwe. Mbiri inafika kutali kuti Chimeza chayamba kuyankha, ndipo alendo anachuluka ngati ngumbi.

Tsiku lina akuweruka, Zuze anauza mlamu wake kuti m'phangamo sakhala yekha. Anati mlendo akakuwa, iye asanatsegule pakamwa, amamva kumbuyo kwake wina akukoka mpweya ngati nayenso akufuna kuyankha. Ndiye amafulumira kuti ayambe ndiye, ndipo akayamba, winayo amautulutsa mpweyawo pang'onopang'ono n'kukhala chete.

"Ndi mileme imeneyo, alamu," anatero Dafuleni. "Kapena ndi kachasu wadzulo akupuma yekha."

Anaseka onse awiri. Koma kuyambira pamenepo Zuze sankachedwanso kutsika, ngakhale tsiku limene anadzuka ndi malungo.

Tsono paja mlamu ndi mnzako wochita naye chipongwe, ndipo Zuze chipongwecho ankapita nacho kuntchito. Mlendo akati "Moni!", phompho linkabweza moni, kenako chakumapeto, motsitsa, linkawonjezera kuti woperekezayo sanasambe. Alendo ankayang'anana, Dafuleni n'kumati ndi mphepo.

Pachipata cha paki panali mtsikana wogulitsa mazira owiritsa ndi thobwa, dzina lake Malita. Dafuleni anayamba kudya mazira ambiri kuposa mmene mimba ya munthu imafunira. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, alendo kulibe, anamutenga Malita kuti akamuonetse malo. Anaganiza kuti Zuze wagona ndi kutentha, monga ankachitira masana. Atafika pa zitsulo zija anamugwira m'chiuno n'kumuuza kuti akuwe chimene chili mumtima mwake. Malita anachita manyazi pang'ono, kenako anakuwa kuti, "Dafuleni wanga!"

Phompho linayankha ndi mawu a Malita enieni, okoma bwino: "Wa Esinati... wa Esinati... wa Esinati..."

Malita anachotsa dzanja lija m'chiuno mwake ngati akuchotsa chinkhanira, n'kuthawa osacheuka. Pansi panamveka kuseka kwa munthu amene wagwira mimba, kenako mawu a Zuze mwiniwake, akufunsa ngati achimwene ake ootcha makala aja angakonde kuimva nyimbo imeneyi madzulo ano.

Dafuleni anaona nkhope za Bonongwe ndi Jailosi m'maganizo mwake. Anaona nkhwangwa zawo. Anaona katundu wake ali panja pa nyumba. Pafupi ndi benchi panali chitsulo chachitali chotsala pomanga, ndipo kuseri kwa zotchingira, m'mphepete mwenimweni, panali mwala waukulu ngati mtondo. Analowetsa chitsulo pansi pa mwalawo n'kutsamira ndi thupi lonse. Pambuyo pake ankadziuza kuti ankangofuna kumuopseza. Koma pakhomo pa phangalo ankapadziwa bwino pamene pali, ndipo mwala anaulunjika pomwepo.

Unagubuduka, unadumpha, kenako kunamveka phwa, ngati dzungu lagwa kuchokera padenga. Kuseka kunaduka. Munthu anatsokomola kamodzi.

Dafuleni anaitana motsitsa. Anaitananso. Mawu ake anatsika n'kukathera komweko monga kale.

Sanatsike. Anaponya chitsulo pansi pa benchi, anakwera njinga yake n'kupita kunyumba, kumene anauza Esinati kuti Zuze wakwera lole ya thonje, wapita kuboma kukafuna ganyu. Esinati anangovundikira chakudya cha mlongo wake n'kuchiika pambali. Dafuleni anadya chake. Chimene chinkamuzungulira m'mutu n'chimodzi: kodi munthu uja wafa, kapena akupuma? Akakhala kuti wafa, mlandu ndi wa mwala. Akakhala kuti akupuma, ali ndi pakamwa.

M'mawa mwake akupalasa njinga kupita ku paki, anapeza kagulu ka anthu akuyenda atandondozana m'mbali mwa msewu. Sanali a m'mudzimo. Analibe katundu, ngakhale kabotolo ka madzi, m'dziko limene galu amayenda lilime lili panja. Miyendo yawo inali psuu ndi fumbi mpaka m'mawondo. Dafuleni powapitirira anati, "Mwadzuka bwanji?"

Wotsogola, osatukula mutu, anati, "Mwadzuka bwanji?" Wotsatira anati, "bwanji?" Wakumbuyo anangoti, "nji?"

Anapalasa kamtunda ndithu asanazindikire chimene chinamuimitsa tsitsi. Mawu amene anamuyankhawo anali ake omwe. Atacheuka anawaona atapatuka mumsewu, akulowera kuphompho, pamalo opanda njira.

Pachipata Malita kunalibe. Mlonda anali akumenyamenya kawailesi kake pantchafu, akudandaula kuti mabatire ndi atsopano koma kangoti duu chiyambire dzulo masana. Anatinso galu wake wakana kutuluka pansi pa tebulo. Dafuleni anatchera khutu. Njiwa zimene zinkalira m'milambe m'mawa uliwonse zinali chete, ndipo ngakhale nyenje, zimene mwezi umenewo zimaboola makutu, sizinkamveka.

Pamalo oonera omalizira chitsulo chija chinali chitasowa. Pabenchi panali botolo la Zuze, litaimitsidwa bwinobwino, lotseka. Analinyamula. Linali lolemera, lodzaza mchenga wofiira mpaka pakamwa.

Asanaganize chochita, minibasi inafika ndi amayi a kwaya ochokera m'tauni, atavala malaya oyera ndi zitenje zofanana. Mtsogoleri wawo anali Mayi Nankhoma, mayi wa thupi ndi mawu omwe. Dafuleni anawazungulitsa m'malo oonera ena onse, akuwaonetsa zipilala, akupeka nkhani za chipilala chilichonse, akuchedwetsa nthawi. Atafunsa za malo oyankha aja, anati kwabwera njuchi.

"Njuchi ife sitiziopa, achimwene," anatero Mayi Nankhoma. "Kunyumba tinasiya mavu ovala mathalauza. Tiyeni."

Amayi anaseka n'kumukankha kutsogolo. Atafika, Mayi Nankhoma anagwira zitsulo, anakoka mpweya, n'kuponya "Aleluya" mmodzi wautali amene akanagwetsa denga la tchalitchi.

Kunali zii. Kenako pansi panayankha: "Aleluya..."

Dafuleni anasuzumira pansi. Ali moyo, anatero mumtima, chitsiru chija chili moyo ndipo chikugwira ntchito. Sanadziwe ngati akondwe kapena athawe. Amayi anawomba m'manja n'kululutira.

Koma mawuwo anabweranso kachiwiri, ndipo m'malo motsika anakwera. Kachitatu anali a anthu ambiri, amuna, ana, nkhalamba zopanda mano, onse akuyimba ndi kayimbidwe ka Mayi Nankhoma. Sankachokera kutsidya. Ankakwera khoma. Nthungululu zinazilala m'kamwa mwa amayi aja. Ndiye mawuwo anasiya Aleluya n'kuyamba kutchula mayina, limodzi limodzi, mofatsa, ngati mphunzitsi akuitana ana m'kalasi. Mayi wina anagwira pachifuwa n'kunena kuti limenelo ndi dzina la mwana wake, ndipo iye sanalitchule. Wina anati lotsatiralo ndi la wake.

Mayi Nankhoma anatukula manja kuti apemphere. Pakamwa panatseguka, milomo inayenda, koma sipanatuluke kanthu. Anayesanso, akudzimenya pakhosi. Magazi anayamba kutsika m'mphuno zonse ziwiri n'kudontha pamalaya oyera aja. Pansi pa phompho, mawu ake anayamba kupemphera okha, bwinobwino, pemphero lomwe ankafunalo.

Kenako miyala inayamba kubwera. Inkachokera pansi kukwera m'mwamba, ikumenya zitsulo ngwe, ngwe, ngwe. Amayi anathawa akupondana. Wina anagwa, anzake n'kumuyenda pamsana. Wina anakodwa pa waya n'kung'ambika mwendo kuyambira pabondo mpaka pakakolo, koma anapitirira kuthamanga, nsapato imodzi itatsala. Mwala wina unam'peza Dafuleni pamwamba pa diso, khungu n'kutseguka. Pamene ankapukuta magazi, minibasi inali itanyamuka chitseko chili pululu, fumbi lokha kumbuyo.

Kunakhalanso zii.

Dafuleni anakhala pakonkire yotentha. Anaganiza zotsika, koma sanadzuke. Anaganiza zowoloka malire n'kukasintha dzina, koma njinga inaoneka ngati ili kutali kwambiri. Anali chikhalire pomwepo pamene dzuwa linapendeka, ndipo atatukula mutu anaona Esinati akubwera, alongo ake awiri ali pambuyo. Bonongwe anali ndi chingwe chachitali chapachitsime paphewa. Jailosi anali ndi mpini wa nkhwangwa. Esinati ananyamula nsapato zachikopa za Zuze, zimene anazipeza pansi pa bedi. Munthu wopita kuboma sasiya nsapato zake zoyendera.

Anaziika pansi patsogolo pa mwamuna wake.

"Bambo a Tiyese, mlongo wanga ali kuti?"

Dafuleni anayamba kufotokoza za lole ya thonje. Esinati sanadikire kuti amalize. Za phanga ankazidziwa, popeza chinangwa chija ankaotcha ndi iye. Anapita pa zitsulo n'kuitana, osakuwa kwambiri, monga ankamuitanira kuti adzadye: "Zuze."

Chimeza sichinabweze dzinalo. Chinabweza zina.

Poyamba panamveka mawu a mtsikana, amanyazi, akuti Dafuleni wanga. Kenako kuseka kwa Zuze. Kenako chitsulo chikukwecha pamwala, ndi munthu akubuula chifukwa cha kulemera, ndipo kubuulako aliyense wa pabanjapo ankakudziwa. Kenako phwa. Kutsokomola. Kulira kwa tcheni cha njinga ikuchoka.

Zimene zinatsatira Dafuleni anali asanazimve, chifukwa anali atapita. Mawu a Zuze, aang'ono, onyowa, akuti, "Alamu... ndimangocheza, alamu... madzi." Ankasiya, n'kuyambanso. Ankasiya, n'kuyambanso. Phompho silinadumphe ngakhale kamodzi.

Jailosi sanafunse funso. Mpini woyamba unafikira pakamwa, ndipo Dafuleni anamva mano ake akugwera palilime ngati chimanga chokazinga. Wachiwiri unafikira m'nthiti, china chake n'kuthyoka mkatimo. Atagwa, onse awiri anamupondaponda kumutu ndi kumsana, mwakachetechete, ngati anthu amene akugwira ntchito ya tsiku ndi tsiku. Bonongwe anamugwira kolala ndi lamba n'kumukweza pamwamba pa zitsulo, mutu utaloza pansi. Dafuleni anaona mchenga uli kutali, ndipo mkodzo unamutsikira mpaka kukhosi.

Esinati ndiye anawaletsa. Sikuti anamva chisoni. Anati kanjira ka anyani kaja akukadziwa ndi yekhayu. Atsike, akamange Zuze pachingwe, iwo akoka ali pamwamba. Wamoyo kapena wakufa, mlongo wake akagona kwawo.

Dafuleni anatsika chokwawa, dzanja limodzi litagwira nthiti, akulavula magazi pamiyala. Dzuwa linali litafiira, ndipo zithunzithunzi za zipilala zija zinatalika n'kugona m'phompho lonse. Atafika pakhomo pa phanga anapeza chingwe chikulendewera kale. Mwala uja unali pomwepo, utasweka pakati. Pansi panali magazi ambiri ouma, koma popanda ntchentche ngakhale imodzi. Kuchokera pamagaziwo panali mkwekwe wolowa mkati, ndipo m'mbali mwake munali mapazi ambiri osavala nsapato.

Analowa. Mkati munali mozizira ngati mumtsuko. Maso atazolowera mdima anaona Zuze atakhazikidwa motsamira khoma, nkhope yake italozetsedwa kukhomo, monga ankakhalira pogwira ntchito. Mbali imodzi ya mutu inali yophwanyika, phewa litagwera m'munsi. Koma chifuwa chinkakwera ndi kutsika.

Kumbuyo kwa Zuze, kumene kuwala sikunkafika, kunali miyendo. Yambiri, yondondozana m'khoma, psuu mpaka m'mawondo. Dafuleni sanatukule maso kuti aone zapamwamba pake.

Anamukoka mlamu wake m'khwapa mpaka pakhomo, nthiti zikumubaya, n'kumumanga chingwe pachifuwa ndi m'ntchafu. Palibe anamuletsa. Pomanga mfundo yomaliza Zuze anatsegula diso limodzi n'kumuyang'ana. Milomo inagwedezeka, koma mawu munalibe. Dafuleni anagwedeza chingwe, ndipo thupi lija linanyamuka likuzungulira pang'onopang'ono, mapazi akukhudza khoma, mpaka linabisika pamwamba.

Tsopano atuluke. Anatembenukira kukanjira kaja, koma sanakaone. Pamene panali kanjira panali khoma losalala, ngati silinapondedwepo chilengedwere. Anakuwa kuti amuponyere chingwe. Mawu ake anangotuluka m'kamwa n'kugwera pamapazi ake.

Pamwamba, kutali, anamva Esinati akulira, akuitana mlongo wake kuti atsegule maso: "Zuze! Zuze!"

Kumbuyo kwa Dafuleni, pafupi ndi khutu lake, wina anakoka mpweya. Kenako wina. Kenako phanga lonse linakoka mpweya pamodzi, mpaka mchenga unayamba kuyenda pansi kulowera mkati. Anakumbukira amayi aja ndi mayina a ana awo. Anakumbukira kuti amene waima pamwambapo ndi mayi wa Tiyese, ndipo oyamba kuyankha akakhala iwowa, dzina lotsatira likhala la mwana wake.

Anatsegula pakamwa pake popanda mano paja n'kufulumira.

"Zuze... Zuze... Zuze..."

Kumbuyo kwake mpweya uja unatuluka pang'onopang'ono. Dzanja louma, lozizira, linamugwira paphewa n'kumukhazika pansi, nkhope italoza kukhomo.

Bonongwe ndi Jailosi, tinene zoona, chingwe anachiponyanso. Anamva chalemera, anakoka. Chimene chinatulukira chinali chitsulo chija, chitamangidwa bwino ndi mfundo ya mtundu umene palibe aliyense m'mudzimo amaudziwa kumasula. Anthu a paki anafufuza masiku angapo, phangalo osalipeza.

Zuze anachira, ngakhale mutu wake unatsala wopindika ndipo mawu sanabwererenso. Mayi Nankhoma timamva kuti masiku ano amayimbitsa kwaya ndi manja. Koma Chimeza chikuyankhabe, ndipo alendo akuchuluka chaka ndi chaka. Amangodandaula pang'ono kuti mawu ake amabwera mothamanga, iwe usanatseke n'komwe pakamwa, ndiponso kuti amatuluka ngati a munthu wopanda mano akutsogolo.

Madzulo alendo akapita, Zuze amayenda pang'onopang'ono mpaka pamalo oonera omalizira. Amatsitsa pachingwe botolo la madzi ndi chinangwa chootcha, popeza mlamu ndi mlamu basi, ndipo chingwecho chimabwerera chopepuka. Akatero amasankha kamwala. Sikakhala kakakulu, kamangokhala ngati dzira lowiritsa. Amayeza bwinobwino ndi diso lake labwino lija, n'kukasiya.

Pansi pamamveka kuti, "Mayo."

Kamodzi kokha. Ameneyo sabwerezedwa.

Zuze amagwira mimba, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika, popanda phokoso lililonse. Akatha amapukuta m'maso n'kumapita kwawo kusanade.